Injini ikayamba kugogoda musathamangire sipanala: tione pa Ford Model A

Kwathu kuno munthu akangoti "galimoto ija inanoka" ndiye kuti maliro achitika kale, chatsala nkuikankhira pansi pa mtengo wa mango, kuikhazika pa njerwa, nkhuku ziziikiramo mazira. Koma mawu amenewa anachokera ku phokoso, kugogoda kumene injini imachita isanafe, ndipo pakati pa tsiku lomwe mwayamba kumva "go go go" ndi tsiku lomwe konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ku kiranki, yatulukira pambali pa buloko, thupi la injini, pamakhala mpata, pena miyezi, pena mphindi khumi zokha. Zimatengera kuti chikugogodacho nchani. Nde vuto lili apa, zinthu zogogoda mu injini nzambiri, zina nzoopsa zedi, zina nzongofuna kumanga nati imodzi basi, koma kwa khutu losazolowera zonse zimamveka chimodzimodzi. Makaniko wopupuluma amangoti timasule tione. Pa galimoto ya dzana mwina mungapirire, koma pa galimoto ya zaka pafupifupi 100 kumasula mwachisawawa nkuononga ndalama komanso zitsulo zoti simukazipeza pa shopu.

Chitsanzo changa ndi Ford Model A, galimoto ya ku America imene anaionetsa kwa anthu pa 2 December 1927 kulowa mmalo mwa Model T, ndipo pofika kumapeto kwake chakumayambiriro kwa 1932 anali atapanga magalimoto oposa 4.8 miliyoni. Mpaka lero ambiri akuyendabe mmanja mwa anthu okonda zakale. Injini yake ndi ya masilinda 4, malita 3.3, mphamvu yake mahosipawa 40 okha. Mavalavu ali mmbali mwa buloko, hedi ndi chivindikiro chabe chachitsulo chokhala ndi mapulagi ndi njira za madzi. Mulibe kompyuta, mulibe sensa yoti ikuuzeni kanthu, ngakhale geji ya oilo pa dashibodi mulibe. Chida chanu ndi khutu. Nchifukwa chake ndimaiona ngati sukulu yabwino, munthu akamvetsa phokoso la injini iyi ndiye kuti Peugeot 404 kapena Land Rover yakale ija simuvutanso.

Tiyambe ndi zamkati kaye chifukwa popanda izi zoyesa zonse zikhala ngati zamatsenga. Pisitoni imakwera nkutsika, konirodi imailumikiza ku kirankishafiti, ndipo kirankiyo imazungulira itagona pa mabering'i akuluakulu atatu okha, kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Magalimoto amene tinazolowera ife ali ndi mabering'i a tizigoba tija timene umangochotsa nkuika tatsopano. Model A ayi. Yake ndi babbitt, chitsulo chofewa chosakaniza tini, kopa ndi antimony chimene Isaac Babbitt anachitulukira mu 1839, ndipo amachita kuchisungunula nkuchithira mu buloko momwemo ndi mmakonirodi, kenako nkuboola bwinobwino kuti kiranki ikwane. Kufewako nkwadala. Kamchenga kakalowa kamamira mu babbitt mmalo mokanda kiranki, ndipo zinthu zikavuta imafa ndi babbitt, kiranki nkupulumuka. Mpata wapakati pa ziwirizi umayenera kukhala pafupifupi 0.0015 ya inchi, ngati 0.04 mm, tsitsi la munthu nlonenepa kuposa pamenepo. Mu kampata kameneka ndi mmene mumakhala oilo, ndipo kiranki kwenikweni imayandama pa oiloyo osakhudza chitsulo. Mpata ukakula oilo amathawa msanga, pisitoni ikamenyedwa ndi moto konirodi imadumpha kampata kaja nkukamenya kiranki ngati hamala. Kugogoda kuja nkumeneko. Ndipo hamala ikamenya chitsulo chofewa mpata umakulirakulira, nde phokoso la mtundu uwu silichira lokha olo mupemphere bwanji.

Chinanso chodabwitsa ndi kayendedwe ka oilo. Pampu ilipo inde koma sikankhira oilo mwamphamvu mmabering'i ngati magalimoto a masiku ano. Imangomukweza kupita mchipinda cha mavalavu, kuchoka apo amatsika yekha mtimapaipi kupita ku mabering'i atatu aja. Makonirodi ndiye amachita kudzitungira, pansi pa iliyonse pali kachipande kamene kamatapa oilo mu thireyi ili mu sampu, mphika wa oilo wa pansi pa injini, nthawi iliyonse ikazungulira. Fyuluta kunalibe, nchifukwa chake Ford ankati oilo azisinthidwa pa mamailosi 500 aliwonse, makilomita 800. Ndiye oilo akachepa, kapena kapaipi kamodzi kakatsekeka ndi phala lakuda lija, bering'i imauma popanda nyali iliyonse yokuchenjezani. Choyamba kuchita mukamva kugogoda nkuzimitsa, kusolola dipisitiki. Zachibwana eti, koma anthu amaiwala.

Oilo ali bwino, tsopano yambani kuifunsa mafunso injiniyo. Imagogoda liti? Mmawa ikadali yozizira kapena yatentha kaye? Pokwera chitunda, potsika, kapena pamene mwangoigwira moto pang'ono pa msewu wosalala? Kuona maso a nkhono nkudekha, apa mphindi makumi awiri zomvetsera zimaposa tsiku lathunthu lomasula mabawuti. Ine ndimati lembani ndithu papepala, chifukwa mutu umanama, munthu ukaopa kuti ndi bering'i chilichonse chimayamba kumveka ngati bering'i.

Musanaganize zoopsa chotsani kaye zakunja. Vulani fanibeloti nkuliza injini kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, osapitirira poti madzi sakuzungulira. Phokoso likatha ndiye kuti nkhani ili pa wotapampu, jenereta kapena fani, mwapulumuka. Fani yoyambirira ya Model A ya mapeni awiri ija imadziwika ndi kung'aluka pafupi ndi pakati, ndipo peni likathothoka limaboola boneti kapena radiyeta, nde iyang'aneni bwino injini ili chozima ndipo musamaimirire moyang'anizana nayo ikamalira. Pule ya kutsogolo kwa kiranki ikakhwepa imagogodanso mochititsa mantha. Ekizozi ikamatulutsa mpweya pa manifodi imati "tcha tcha tcha" ngati valavu, malata a mmbali mwa injini akamasuka amalira, mabawuti omangira injini ku chasisi chimodzimodzi. Izi nzosavuta, tisatayepo nthawi.

Pali kugogoda kwina kumene sikuchokera ku chitsulo chakutha ayi koma ku moto weniweniwo. Pulagi ikathetheka, petulo wosakanizika ndi mpweya amayenera kuyaka mwadongosolo ngati moto wolusa pa tchire, kuyambira pa pulagi kufalikira mbali zonse. Koma kutentha ndi kupanikizika zikachuluka, wotsala kumapeto uja sadikira, amangophulika yekha nthawi imodzi, ndipo kuphulikako kumamenya makoma a silinda. Phokoso lake nlopyapyala, "nge nge nge", ngati timiyala mchitini, ndipo limabwera mukaponda moto pa giya yayikulu galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Vuto limeneli ndi lomwe linachititsa kuti Thomas Midgley wa ku General Motors apeze mu 1921 zothira mtovu mu petulo, poizoni amene dziko lavutika naye mpaka Algeria, dziko lomaliza, anasiya kumugulitsa mu 2021. Koma Model A kompuresheni yake, mmene pisitoni imapanikizira mpweya ndi petulo, ndi 4.22 kwa 1 basi, anaipangira petulo wofooka wa nthawi imeneyo, nde ndi petulo wa lero siyenera kulira choncho pokhapokha taiming'i, nthawi imene pulagi imathetheka, yathamanga kwambiri, injini yatenthetsa, mwadzaza mwaye wouma pamwamba pa mapisitoni, kapena wina anaikapo hedi ya kompuresheni yokwera.

Ubwino wake galimoto iyi taiming'i ili mmanja mwa dalaivala. Pa chiwongolero pali tindodo tiwiri, kena ka moto kena ka sipaki, pa zoyendetsera kumanzere za ku America ka sipaki kali kumanzere. Kukankhira mmwamba ndiye kuchedwetsa sipaki, kutsitsa ndiye kuifulumizitsa. Mukamva timiyala tija pa chitunda kwezani kandodoko pang'ono, zikangoti zii mwapeza. Koma chenjerani apa, kuchedwetsa sipaki kumafewetsanso nkhonya imene pisitoni imalandira, nde ngakhale bering'i yakutha imayamba kulira motsika. Kusiyana kwake nkwakuti timiyala timatheratu pomwe bering'i imangotsitsa mawu koma mukatchera khutu ilipobe. Ndipo dalaivala amene amakonda kukwera zitunda pa giya yachitatu sipaki ili pansi penipeni, aulesi osintha giya aja, ndi amene amapha babbitt. Kugogoda kwa moto kwa lero ndi kumene kumabala kugogoda kwa chitsulo chaka chamawa.

Tsopano tengani sikuludalaiva yaitali kapena mpini wa tsache, nsonga pa injini, mbali inayo pa fupa la pafupi ndi khutu. Yendani nayo, pa hedi, mmbali mwa buloko mmwamba, mmunsi pafupi ndi sampu, kutsogolo pa kava ya magiya a taiming'i, kumbuyo kufupi ndi fulaiwilo, gudumu lolemera la kumapeto kwa kiranki. Zimathandiza kudziwa ngati nkhani ili mmwamba kapena pansi, kutsogolo kapena kumbuyo. Koma ndisakunamizeni, buloko ndi chitsulo chimodzi chachikulu, phokoso limayenda mmenemo ngati mphekesera pa mudzi, mutha kulumbira kuti lili pa silinda 4 pomwe gwero lake lili kutsogolo. Ndodo imangokulozerani dera. Mvetseraninso liwiro lake. Kamushafiti, imene imatsegula mavalavu, imazungulira kamodzi pomwe kiranki yazungulira kawiri, nde phokoso la mavalavu ndi matapeti limakhala lodekha, lopepuka, "tiki tiki tiki" losasintha kaya mwaponda moto pa chitunda kaya ayi. Limenelo pa injini yakale musagone nalo maso, valavu yolira pang'ono ndi yabwino kuposa yothina imene imapsa.

Kuyesa kumene ine ndimakukhulupirira kwambiri ndi koshotetsa mapulagi. Pa Model A nkosavuta mochita kuseketsa chifukwa kuchoka pa disitibyuta kupita ku mapulagi kulibe mawaya okutidwa, pali timalamba tachitsulo tapoyera. Injini ikulira pa liwiro lomwe phokoso limamveka bwino, tengani sikuludalaiva ya chigwiriro cha pulasitiki kapena mtengo wouma, gunditsani chitsulo chake pa hedi kaye kenako mutsamiritse pamutu pa pulagi. Mukayamba ndi pulagi mudzavina gule osafuna. Mukatero sipaki imathawira mu hedi, silinda imeneyo siyaka, ndipo konirodi yake silandiranso nkhonya. Chitani imodzi imodzi. Mukafika pa ina phokoso nkutha kapena kutsika kwambiri, nkubwerera ndi "kho" wamphamvu mukangochotsa sikuludalaiva, ndiye kuti mwaipeza silinda yolakwa ndipo kawirikawiri ndi bering'i ya konirodi, big end imene amanena amakaniko ija. Zizindikiro zake zina zimagwirizana: kulira kwake nkowuma, "kho kho kho" ngati munthu akugogoda chitseko cha mlombwa ndi kachitsulo, kumakula injini ikatentha poti oilo wapyapyala, ndipo kumamveka kwambiri osati pokoka katundu koma pamene injini ikungoyandama, simukuonjezera moto komanso simunausiye. Iyi ndi ija yosayenda nayo. Konirodi ikatha babbitt yonse chotsatira ndi bowo pa buloko.

Bering'i yaikulu ya kiranki mawu ake ndi ena, ndi besi, "gu gu gu" wapansipansi amene pena umamumva ndi mapazi pa fulo kuposa ndi makutu, ndipo amabwera injini ikamakoka, ponyamuka kapena pa chitunda. Pa Model A imakonda kuyamba ndi yapakati. Chifukwa chake nchomveka mukaganiza, kiranki yaitali yagona pa malo atatu okha, ilibe zitsulo zolemera zobalansira zimene zinabwera pambuyo pake, mapisitoni 2 ndi 3 amakwera ndi kutsika limodzi mbali iyi ndi iyo ya bering'i yapakatiyo, nde kiranki imapindika pang'ono pakatipo ngati mtanda wa denga nkumaipondereza. Poyesa, kushotetsa pulagi imodzi sikuthetsa phokoso chifukwa inzake ikumenyabe, muyenera kushotetsa 2 ndi 3 nthawi imodzi, masikuludalaiva awiri. Ya kumbuyo nayo ikatha imadziulula ndi oilo wodontha pansi pa fulaiwilo, ngakhale kunena zoona Model A yosadontha konse ndi yosowa.

Nanga ikamalira mmawa nkusiya ikatentha? Imeneyo kawirikawiri ndi pisitoni yakhwepa mu silinda, ikumenya khoma posintha njira. Kulira kwake nkwa mphako, ngati kugogoda mtsuko wopanda madzi. Pisitoni ya aluminiyamu imafufuma msanga ndi kutentha kuposa buloko, mpata umatsekeka, phokoso nkuchepa. Mwaona kusiyana kwake, ya pisitoni imachira ndi kutentha, ya bering'i imakula ndi kutentha. Injini yotere itha kuyenda zaka ikungodandaula mmawa ngati agogo a nyamakazi. Pini yolumikiza pisitoni ku konirodi ndiye ili ndi khalidwe lake lachilendo, imagogoda kawiri motsatizana, "ta-ka ta-ka", makamaka pa idle, injini ikungolira yokha simunaponde moto, ndipo mukashotetsa pulagi yake nthawi zambiri mmalo moti isiye imachita kukulirako. Ambiri amasokonezeka pamenepa.

Tsono pali gulu la maphokoso amene sasintha olo mushotetse mapulagi onse mmodzi mmodzi, ndipo pa Model A woyamba kumukayikira ndi giya ya taiming'i. Giya yaikulu ya pa kamushafiti sinali yachitsulo, inali ya faiba, nsalu youmbidwa ndi utomoni, kuti isamachite phokoso. Ikakalamba mano amadyeka kapena imakhwepa pakati pake, ndipo imagogoda pa idle mofanana kwambiri ndi konirodi moti anthu ambiri agwetsapo sampu pachabe. Kuyesa kwake nkokoma. Pa kava yakutsogolo pali kapini kamene amatcherera taiming'i, mumakamasula, kukatembenuza, nkulowetsa nsonga yake pa bowo lomwelo. Injini ikulira pang'onopang'ono kanikizani kapiniko pa giyayo mosamala, manja ndi malaya kutali ndi fani. Phokoso likasintha kapena kutha, nkhani ndi giya kapena kasipuling'i kamene kamakankha kamushafiti kuti isamayende chotsogola ndi chobwerera. Ntchito ya tsiku limodzi imeneyo, injini osaitsitsa. Pondaninso kilatchi muone, phokoso likasintha ndiye kuti kiranki ikusewera chamtsogolo ndi chammbuyo chifukwa mlomo wa babbitt wa bering'i yakumbuyo wadyeka. Fulaiwilo yokhwepa, chimwala cha makilogalamu pafupifupi 30 chija, mumaigwira pozimitsa kiyi nkuyatsanso injini itatsala pang'ono kuima, imati "du" kamodzi mwamphamvu.

Zonsezi zikaloza pansi, khetsani oilo mu beseni loyera mupite nalo padzuwa. Tizinthu tonyezimira totuwa, kapena tizibenthu ngati ta mtovu, ndi babbitt imeneyo. Yesani ndi maginito, babbitt simamatira, zikamamatira ndiye kuti chikudyeka ndi chitsulo chenicheni, nkhani yakula. Tinyenyeswa tabulawuni tofewa ndi giya ya faiba ija. Pokhapo ndi pamene mungagwetse sampu, ndipo dziwiranitu kuti pampu ya oilo imatha kutsika nayo limodzi poti imangogwiridwa ndi sipuling'i, musadzidzimuke. Onaninso thireyi ya oilo ija ngati sinasunthe nkumagundidwa ndi tizipande ta makonirodi, nayonso imagogoda.

Apa ndi pamene babbitt imaonetsa nzeru zake. Pakati pa kapu ya bering'i ndi thupi lake anaikamo mashimu, timapepala ta bulasi topyapyala tosanjikiza, dala kuti bering'i ikadyeka muzisenda kamodzi kamodzi mpata nkubwerera mwakale. Mumamasula kapu ya silinda imene inalakwa ija, kuyang'ana babbitt, ngati ndi yosalala yopanda ming'alu mumaika kachingwe ka pulasitiki koyezera mpata kotchedwa Plastigage pa kiranki, kumanga, kumasulanso, nkuyeza mmene kaphwatalalira. Mpata ukachuluka sendani mashimu mofanana mbali zonse ziwiri, yezaninso, mpaka zifike pa 0.0015 paja. Pa mabering'i akuluakulu injini ili mgalimoto pali msampha, kulemera kwa kiranki ndi fulaiwilo kumatsamira pa kapu yomwe mukuyezayo nde kachingweko kamaphwanyika mopitirira nkukunamizani kuti zonse zili bwino, muyenera kuikankhira mmwamba kirankiyo ndi jeki pang'ono. Ndipo musathinitse mopitirira poganiza kuti kuthina ndiye kulimba, oilo akasowa polowa babbitt imasungunuka pa makilomita ochepa. Yezaninso kiranki yeniyeniyo ndi maikuromita, chida choyezera kunenepa kwa chitsulo, malo angapo, ikakhala kuti yasanduka ngati dzira palibe shimu imene ingakonze, ikathina mbali iyi imakhwepa mbali inayo.

Mukapeza mashimu anatha kale, kapena babbitt yang'aluka ngati matope ouma a pa dambo mwezi wa October, basi injini itsike. Akale ena ankapala kapu ndi fayilo kuti ithine, zimagwira kwa kanthawi koma mwaononga kapuyo ndipo wodzakonza pambuyo panu adzakutukwanani. Njira yake nkuthiranso babbitt yatsopano nkuboola mabering'i atatu onse pa mzere umodzi, luso limene amisiri ake atsala ochepa ngakhale ku America komweko, moti ena amangosintha buloko kuti izilandira tizigoba tamakono.

Amene muli ndi Peugeot 404 kapena 504, kapena Land Rover ya Series imene inatsala kwa malume, makutu ndi omwewa, mafunso ndi omwewa. Kusiyana nkwakuti inu muli ndi nyali ya oilo, ikamaphethira pa idle injini itatentha pamodzi ndi "gu gu" uja ndiye umboni wachiwiri, mapulagi mumachita kuzula waya ndi pulayazi yokutidwa, ndipo mashimu mulibe, kiranki imapita ku engineering kukadulidwa pang'ono nkugula tizigoba tonenepa molingana. Pa galimoto ya kompyuta musayerekeze zoshotetsa ndi sikuludalaiva, muotcha zinthu zodula.

Kubwerera ku Model A yathu, mukamanga sampu pali kanthu kamodzi kamene kaphetsa mainjini ongokonzedwa kumene. Thireyi ija ndi chipinda cha mavalavu zimakhala zouma, ndipo pampu imatenga kanthawi kuti ikweze oilo. Nde musathire yense pa malo othirira, zulani disitibyuta muthire lita imodzi kapena kuposerapo pa bowo lakelo kuti atsikire ku mabering'i akuluakulu, wotsalayo adzaze thireyi. Ma split pin onse pa manati a makonirodi awerengeni kawiri musanatseke. Kenako kandodo ka sipaki mmwamba, lizani, isiyeni itenthe bwinobwino chifukwa ikadali yozizira oilo wokhuthala amabisa zambiri, ndipo mutengenso sikuludalaiva ija muyambire pa pulagi 1.